ALONDA A DZOMBE A KU MBALA

Nkhani yathu ya lero ndi mbiri ya dzombe lofiira, ndi ya anthu amene maboma anawaika kuti azililonda. Kapena wina wa ku Nkana kapena wa ku Mufulira adzati, "Ine munda ndiribe, nanga za dzombe zindikhudza bwanji?" Koma unga umene mugula m'sitolo ucokera m'munda, ndipo dzombe likatera m'minda ya ku Mumbwa kapena ya ku Chipata, mtengo wa thumba la unga ndiwo udzakuuzani mwezi usanathe. Ndiponso ambiri a inu muli ndi amai ndi agogo kumudzi, amene moyo wao wonse uli pa khasu.

Mliri womaliza wa dzombe lofiira unatha m'caka ca 1944. Anthu amene anauona ndi maso atsala owerengeka, ndipo mwana wa lero akamva dzina la dzombe angoganiza za ndiwo zokazinga. Nanga cinacitika nciani kuti cirombo cimene cinasautsa makolo athu cikhale cete zaka 80?

Mabuku a mbiri achula miliri itatu ya dzombe limeneli m'maiko a pakati ndi a kumwera kwa Afrika. Woyamba unali wa 1847 kufikira 1854, waciwiri wa 1892 kufikira 1910, wacitatu wa 1930 kufikira 1944. Taonani kutalika kwace. Dzombe likayamba silitha ndi dzinja limodzi, koma liswana caka ndi caka m'maiko amene lafikamo, kotero kuti mwana wobadwa pa ciyambi ca mliri afika pa msinkhu wogwira khasu mliriwo usanathe. Mliri waciwiri unadza pa nthawi yoipitsitsa, pakuti m'caka comweco ca 1892 nthenda ya ng'ombe ya rinderpest inalowa kumpoto kwa dziko lino, nipha ng'ombe pamodzi ndi njati za m'chire. Anthu anataya ziweto ndi dzinthu nthawi imodzi.

Mliri wa 1930 ndiwo ukhudzana kopambana ndi mbiri ya migodi. M'zaka zowerengeka dzombe linakuta Northern Rhodesia, Nyasaland, Southern Rhodesia, Mozambique, Angola ndi Congo, ndipo pofika 1934 linali kudya nzimbe ku Natal. Nthawi yomweyo mtengo wa mkuwa unagwa pa dziko lonse lapansi. Mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa mu 1931, nchito inaima ku Nchanga ndi ku Mufulira, ndipo anthu akuda ogwira nchito pa migodi, amene anali pafupi-fupi 30,000 mu 1930, anatsala pafupi-fupi 7,000 pakutha pa 1932. Amuna zikwi-zikwi anabwerera kwao cimanja-manja, poyembekeza kuti munda udzawasunga, napeza dzombe liri kuyenda-yenda m'dziko. Msonkho wa boma naonso sunaleke.

Polimbana nalo anthu anacita zimene akanatha. Anaomba zitini ndi ng'oma, nakoleza moto wa utsi m'mbali mwa minda. Ana a dzombe, amene sanamere mapiko, anawakusira m'maenje nawakwirira, kapena kuwapha ndi nthambi za mitengo. Boma linatulutsa midzi yathunthu ku nchito imeneyi, ndipo linabweretsa mankhwala a arsenic. Mankhwalawo anapha dzombe ndithu, koma anaphanso ng'ombe zimene zinadya udzu wothiridwa, ndipo anthu amene anazolowera kutola dzombe la ndiwo anayenera kucenjera nalo. Zonsezi zinapulumutsa munda uwu kapena uwo, koma mliri sunacepe, pakuti m'mawa mwace gulu lina linali kudza ndi mphepo. Bvuto lalikulu linali lakuti panalibe munthu wodziwa kumene dzombe liyambira. Linali kungooneka kumwamba ngati utsi wa moto wa kutali.

Ciwala ndi dzombe

Munthu amene anatsegula njira anali Boris Uvarov, katswiri wa tizirombo wa ku Russia, amene anasamukira ku London mu 1920. Kufikira nthawi imeneyo akatswiri anali kunena za mitundu iwiri: ciwala cokhala cokha m'udzu, cosasautsa munthu, ndi dzombe loyenda m'magulu, losiyana naco maonekedwe ndi makhalidwe omwe. Mu 1921 Uvarov analemba kuti ziwirizi ndi cirombo cimodzi. Cikakhala patali ndi cinzace cingokhala ciwala. Koma zikapanikizana pa malo amodzi zisintha maonekedwe, ziyamba kufunana, ndipo ana ao akula ali dzombe. Mu 1932 J. C. Faure wa ku Pretoria anatsimikiza mau amenewa. Iye anasunga ana a dzombe m'timakola, ena yekha-yekha, ena ambiri pamodzi, ndipo osungidwa okha anakula ngati ziwala, osungidwa pamodzi nakula ngati dzombe. Mwana wa dzombe lofiira akakula yekha akhala wobiriwira kapena wotuwa ngati udzu. Akakula m'khamu akhala ndi mawanga akuda, acikasu ndi ofiira, kotero kuti munthu wosadziwa sangabvomere kuti ndi pacibale.

Cimene ciyambitsa kusinthaku cinadziwika bwino patapita zaka zambiri. Mu 2001 Stephen Simpson ndi anzace a ku Oxford, poyesa dzombe la m'cipululu, limene liri mtundu wina, anapeza kuti cinsinsi ciri m'miyendo ya kumbuyo. Anasisita mwendo wa ciwala ndi kaburashi, monga ngati cinzace ciri kucigunda, ndipo patapita maola owerengeka ciwalaco cinayamba kufuna zinzace.

Koma Uvarov sanadikire zimenezo. Iye anaona msanga tanthauzo la cimene anapeza. Ngati dzombe liyamba ndi kupanikizana kwa ziwala, ndiye kuti payenera kukhala malo ena apadera kumene kupanikizanako kuyambira. Ndipo munthu akawapeza malowo angathe kupha cirombo cisanauluke. Maboma amene anali kulamulira Afrika anacita misonkhano ya dzombe ku Rome mu 1931, ku Paris mu 1932, ku London mu 1934, ku Cairo mu 1936 ndi ku Brussels mu 1938. Anapangana kuti mabwana a pa boma ndi alangizi a malimidwe azitumiza malipoti: tsiku limene dzombe laoneka, malo ace, ngati liri louluka kapena lolumpha, ndi kumene lalowera. Ku London malipotiwo anawalemba pa mapu mwezi ndi mwezi, natsata njira ya dzombe cobwerera m'mbuyo, monga mlenje amene atsata mapazi kufuna kudziwa kumene nyama yagona.

Ena anatsata ndi miyendo. A. P. G. Michelmore ndi William Allan anayenda m'Northern Rhodesia akuyang'ana dzombe m'chire, nalemba zimene anaona mu 1934. H. J. Brédo wa ku Belgium anafufuza cakumalire a Congo. Mapu a ku London ndi maulendo a anthu awa zinaloza kumodzi. Mliri umene unafika ku Natal ndi ku Angola unayambira pa malo awiri okha: dambo la Mweru wa Ntipa kumpoto kwa dziko lino, ndi cigwa ca nyanja ya Rukwa ku Tanganyika, dziko limene lero ndi Tanzania. Pambuyo pace anaonjezapo madambo a mtsinje wa Malagarasi, ku Tanganyika komweko.

Malo awiriwa afanana. Mweru wa Ntipa, dzina limene m'Cibemba litanthauza nyanja ya matope, ali pakati pa nyanja ya Mweru ndi ya Tanganyika, m'dziko la Atabwa. Rukwa ali kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, m'cigwa cotentha cozingidwa ndi mapiri, ndipo mitsinje ingolowamo, palibe wotulukamo. Zonse ziwiri ndi nyanja zosaya, zimene zaka zina zisefukira, zaka zina ziphwa ndi kusiya dambo lalikulu la udzu wautali. Kuti mumvetse cifukwa cace dzombe likonda malo otere, muyenera kudziwa moyo wace.

Dzombe lofiira liswana kamodzi kokha pa caka. Mvula yoyamba ikagwa, m'November kapena m'December, lalikazi liboola nthaka yonyowa, niliikira mazira m'kathumba, mwina ofika 100 m'kathumba kamodzi, ndipo likhoza kuikira kawiri kapena katatu. Patapita mwezi umodzi ana atuluka. Iwo alibe mapiko. Angolumpha ndi kudya, nafundula khungu ka 6 kapena ka 7, kwa miyezi iwiri kapena kupitirirapo pang'ono. Ca m'March amera mapiko. Kucokera pamenepo dzombe likhala cirimwe conse osaswana, kudikira mvula yina, ndipo ndi m'miyezi imeneyi pamene mapiko ace a mkati afiira. Ndiko kwacokera dzina lace.

Tsono onani cimene madzi ndi moto zicita m'cigwa cotere. M'cirimwe alenje ndi asodzi atentha udzu. Moto sutentha ponse, koma usiya zisumbu za udzu apa ndi apo, ndipo ziwala zonse za m'dambo zithawira m'zisumbuzo kufuna mthunzi ndi cakudya. Zimene zinali zobalalika pa mailosi ambiri tsopano ziri pa maekala ocepa, mwendo kukhudza mwendo. Mvula ikadza ziikira mazira pa lupsa, pamene nthaka iri poyera, ndipo ana atuluka ali khamu pa malo amodzi. Madzi osefukira naonso acita cimodzi-modzi, pokankhira ziwala pa mitunda yotsala. Zikacitika motero zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, gulu loyamba linyamuka, nilikwera mapiri ozinga cigwa. Siliuluka mwaliwiro ai. Liyenda usana motsata mphepo, ndipo kawiri-kawiri silipitirira mailosi 20 pa tsiku. Koma liri ndi cirimwe conse ca ulendo, ndipo likatuluka m'cigwa palibenso wolibweza.

Nchito ya ku Abercorn

Msonkhano wa ku Brussels wa 1938 unabvomereza kuti pakhale alonda okhazikika pa malo amenewa. Nkhondo yaikulu ya 1939 inacedwetsa zinthu, komabe mu 1941 Britain ndi Belgium anayamba nchito yaing'ono ku Abercorn, tauni imene kuyambira 1968 ichedwa Mbala. Anasankha pamenepo cifukwa pali pakati pa Mweru wa Ntipa ndi Rukwa. Mu 1949 pangano linalembedwa ku London, ndipo bungwe la International Red Locust Control Service linakhazikika, ndalama zace zocokera ku Britain ndi maiko amene anali pansi pace, ku Belgium, ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia. Portugal analowa pambuyo pace. Mtsogoleri woyamba anali Brédo uja, ndipo kuyambira 1952 kufikira 1959 anali D. L. Gunn.

Wina angafunse cifukwa cace boma la South Africa linalola kulipira anthu olonda dambo limene liri mailosi oposa 1,000 kucokera ku Durban. Sikunali kukoma mtima. Iwo anali atawerengera ndalama zimene anataya popha dzombe m'minda ya nzimbe, naona kuti kulonda dambo kuli kocipa. Maboma amenewa sanali kugwirizana pa zambiri, ndipo ena a iwo anali kuzunza anthu akuda koopsa, monga mudziwa. Koma pa dzombe anakhala pa mphasa imodzi, popeza dzombe silionetsa citupa pa malire.

Malipoti a bungweli ali ndi maina a Azungu, koma ambiri amene anayenda m'matope anali anthu a komweko, a mitundu ya Amambwe, Alungu, Atabwa ndi Afipa. Iwo anakhala m'misasa m'mphepete mwa madambo, pakati pa udzudzu, njati ndi mikango, nayenda tsiku ndi tsiku m'udzu wopitirira mutu wa munthu, kuyang'ana kumene ziwala zasonkhana ndi kumene zaikira mazira. M'dzinja miseu yotsikira m'cigwa inali kuduka. Pa zaka zoyamba, ana a dzombe akapezeka, anthu mazana-mazana anali kutengedwa m'midzi kukawathira mankhwala ndi manja, pa nthawi yomweyo imene minda yao inali kufuna kupalira.

Nchito yeni-yeni ya alonda inali kuwerenga. Kapena mudzaseka pakumva kuti munthu wophunzira analipidwa kuti awerenge ziwala, koma popanda ciwerengero simungadziwe ngati cirombo ciri kuculuka kapena kucepa, ngakhale ngati mankhwala anu agwira nchito. Njira imene anaipeza m'nthawi ya Gunn inali iyi: galimoto ya Land Rover iyenda pang'ono-pang'ono m'udzu motsata mzere woongoka, ndipo munthu awerenga dzombe limene libvumbuluka patsogolo pace pa mailo iri yonse. Mizere ikakhala yambiri, nayendedwa nthawi ndi nthawi, munthu angathe kuwerengera dzombe la m'dambo lonse. Kumene galimoto inalephera anayamba kuwerenga ali m'ndege yaing'ono youluka pafupi ndi nsonga za udzu, ndipo m'zaka za pambuyo anagwiritsa helikopita. Anayesanso mvula tsiku ndi tsiku, nalemba kukwera ndi kutsika kwa nyanja, ndi malo amene moto wapita. Zaka zambiri munalibe kanthu kodabwitsa m'mabuku amenewa, koma sanaleke kulemba. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Phindu lace linaoneka mu 1959, pamene P. M. Symmons, mmodzi wa akatswiri a bungweli, anayerekeza ziwerengero za zaka zambiri ndi mvula ya ku Rukwa. Iye anaonetsa kuti kuculuka kwa dzombe kutsata mvula ya m'mbuyo. Mvula ikakhala yambiri, madzi nakhalitsa m'dambo, dzombe licepa pambuyo pace. Koma mvula ikacepa, nyanja nibwerera, ndiyo nthawi yoopsa. Ambiri a ife tikanaganiza mosiyana, kuti mvula yambiri ndiyo ibala dzombe lambiri. Podziwa zimenezi bungwe linatha kukonzeratu ndege ndi mankhwala dzombe lisanaswane, ndi kusunga ndalama m'zaka zimene panalibe coopsa.

Pano ndifuna kupatuka pang'ono, ndinene za munthu wina amene anapita ku Rukwa kukaphunzira dzombe, nabwerako ndi nzeru ya nyama. Desmond Vesey-FitzGerald anagwira nchito ku Abercorn kuyambira 1949 kufikira 1964. Popeza dzombe likhala m'udzu, iye anaphunzira udzu wa m'dambo mtundu ndi mtundu, ndipo poyang'ana udzu anayamba kuona zimene nyama zicita nao. Mu 1960 analemba kuti nyama za m'cigwa ca Rukwa sizidya mwacisawawa, koma motsatana. Madzi akayamba kuphwa, zoyamba kulowa m'udzu wautali ndi zolemera, njobvu, njati ndi mvuu. Izi zipondereza ndi kudya udzu wokhwima, ndipo pamene zapita paphuka msipu wanthete. Ndipo pamene zidza nyama zopepuka, monga mbidzi ndi nchefu, zimene sizikanatha kudya m'udzu wautali uja. Motero nyama yaikulu ikonzera yaing'ono podyera, ndipo mukapha njobvu ndi njati zonse mwalanganso mbidzi. Nzeru imeneyi anaitsatira akatswiri a ku Serengeti, ndipo iphunzitsidwa m'masukulu a zanyama kufikira lero. Inatuluka m'ndalama za dzombe, ndipo palibe boma limene linaiitanitsa.

Cimene Vesey-FitzGerald ndi anzace anafunitsitsa cinali kusintha dambo lenilenilo kuti dzombe lisapezemo malo, mwina poletsa moto, mwina pobzala mitengo. Anayesa, koma sizinapindule mokwanira. Dambo ndi lalikulu, ndipo mlenje mmodzi wokhala ndi macesi angathe kuononga nchito ya caka conse. Cotero anatsamira pa mankhwala.

Za mankhwala

Mu 1947 anayesa ku Rukwa kuthira dzombe mankhwala a DNOC kucokera m'ndege, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndege zazing'ono zinalowa m'malo mwa makamu a anthu aja. Anthu a m'midzi anapumula, ndalama zinacepa, ndipo dzombe linaphedwa liri cisonkhanire m'zisumbu za udzu. Kenaka kunadza dieldrin, mankhwala amene anakondedwa cifukwa sanali kutha mphamvu msanga. Anali kuthira mizere yotalikirana m'dambo, ndipo ana a dzombe podutsa pa mzere anadya udzu wa ululu, nafa, ngakhale patapita masabata.

Koma ubwino umenewo ndiwo unali kuipa kwace. Mankhwala osatha mphamvu akhalitsa m'nthaka ndi m'madzi, alowa m'nsomba ndi m'mbalame zodya dzombe, monga adokowe ndi akakowa, naunjikana m'mafuta a nyama ndi a munthu. Akatswiri a nthawi ija anawerenga dzombe mosamala kwambiri, koma sanawerenge ndi mtima womwewo zamoyo zina zimene zinali kufa nalo pamodzi. Apa ndipo pamene nchito yao inaperewera. Maiko analeka dieldrin mmodzi-mmodzi, ndipo pangano la ku Stockholm la 2001 linamuika pa mndandanda wa mankhwala 12 oyenera kuthetsedwa pa dziko lonse.

Tiyeneranso kunena zoona pa cinthu cina. Sitinganene kuti alonda okha ndiwo anatseka dzombe, pakuti madzi anawathandiza. Mvula yaikulu ya 1961 ndi 1962 inakweza nyanja za kum'mawa kwa Afrika. Rukwa anasefukira namiza madambo ambiri amene dzombe linali kuswaniramo, ndipo Mweru wa Ntipa anasanduka nyanja ya asodzi. Kwa zaka zambiri malo awiri oopsa aja anakhala pansi pa madzi. Komabe kuyambira 1944 kufikira 1961 panapita zaka 17, ndipo m'zaka zimenezo dzombe linaculuka kangapo m'cigwa ca Rukwa, niliphedwa lisanayambitse mliri. Ndiponso madzi atatseka malo akale, cirombo cinaonekera kwina, ndipo amene anaciona ndi omwe aja anali kuwerenga.

Maiko atalandira ufulu, bungwe lakale silikanatha kupitirira monga linaliri, pokhala ndi South Africa ndi Portugal mkati mwace. Mu 1970 maiko odzilamulira anapangana ku Kampala, nakhazikitsa bungwe latsopano, International Red Locust Control Organisation for Central and Southern Africa. Likulu lace linakhala ku Mbala, ndipo pambuyo pace linasamukira ku Ndola. Kotero inu a ku Copperbelt muli nalo pakhomo, ngakhale ambiri simulidziwa. Malo amene lilonda tsopano ndi ambiri kuposa kale: Rukwa, Iku ndi Katavi, Malagarasi ndi Wembere ku Tanzania, madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta pa malire a Malawi ndi Mozambique, madambo a Buzi ndi Gorongosa ku Mozambique, ndi kuno kwathu Mweru wa Ntipa ndi Kafue Flats. Linapatsidwanso nchito yoyang'anira nchemberezandonda ndi timbalame tija tofiira milomo, timene titha mapira ndi mpunga.

Bvuto la bungwe lotere ndi ili, kuti likagwira bwino nchito yace palibe cimene cioneka. Nduna ya cuma iona ndege, mafuta ndi malipiro, koma dzombe siliona, ndipo iyamba kufunsa ngati ndalamazo sizingapite kwina. Maiko ena akhala akucedwa kupereka zopereka zao, ndipo ndalama zikasowa ulendo woyamba kulephereka ndi uja wowerenga, umene uli wocipa kopambana maulendo onse. Mu 1996 magulu a dzombe lofiira anatuluka m'madambo a Buzi ndi Gorongosa, m'dziko limene nkhondo ya paciweni-weni inali itangotha mu 1992 ndipo kulonda kunali kobvuta, nalowa m'Zimbabwe, ena nafika ku South Africa. Sunakhale mliri, koma unali cenjezo.

Mu 2009 dzombe linaculukanso ku Tanzania, makamaka ku Iku ndi Katavi, kumene kuli nkhalango yosungirako njobvu, mvuu ndi mbalame za m'madzi. Kuthira ululu pa malo otere kukanakhala kubwereza colakwa ca dieldrin. Bungwe la ku Ndola, pamodzi ndi boma la Tanzania ndi bungwe la FAO, linagwiritsa mankhwala a mtundu wina, ochedwa Green Muscle, pa mahekitala pafupi-fupi 10,000. Amenewa ndi kamoyo ka mtundu wa cuku, conga cija cimera pa nsima yogonera masiku, koma aka kamera m'thupi la dzombe ndi ziwala zokha. Sikapha tsiku lomwelo. Patenga sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu. Cifukwa cace kathandiza pokhapo ngati alonda aona dzombe msanga, likali m'dambo, kutali ndi minda.

Kwa ife a m'Zambia malo ofunika kuwayang'anitsitsa lero ndi Kafue Flats, cifukwa dambo limeneli liri pakati pa minda ya cimanga ya Central ndi Southern Province, pafupi ndi nzimbe za ku Mazabuka, ndipo siliri kutali ndi Lusaka. M'February 2017 dzombe linabuka kumeneko, nililowa m'minda ya m'maboma a Mumbwa ndi Itezhi-Tezhi, ndipo linathiridwa mankhwala ndi ndege. Linadza m'dzinja lomwelo limene mbozi yacilendo ya cimanga, yocokera ku America, inaoneka koyamba m'dziko lino pakutha pa 2016, ndipo minda ya ku Copperbelt inali mwa yoyamba kugwidwa. Mu 2020 dzombe la mtundu wina linasautsa alimi a ku Sesheke, Mwandi ndi Kazungula, pamodzi ndi anansi athu a ku Namibia, Botswana ndi Zimbabwe.

Kafue Flats asiyana ndi Rukwa pa cinthu cimodzi. Ku Rukwa madzi akwera ndi kutsika monga mwa mvula yokha. Ku Kafue kuli damu la Kafue Gorge kumunsi, ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda, limene linatha kumangidwa mu 1977, ndipo madzi a m'dambo atsegulidwa ndi kutsekedwa ndi anthu, monga mwa kufunika kwa magetsi amene ayendetsa makina a m'migodi ndi kuunikira m'makomboni. Cotero wowerenga dzombe kumeneko ayenera kulemba m'buku lace zinthu zitatu: mvula, moto wa abusa a ng'ombe ndi alenje, ndi tsiku limene zitseko za damu zatsegulidwa.